Mayi Matimati ndi Ng'ombe Yodya Mafupa

Inu amene mwadzuka lero mtima uli pansi, takhalani kaye apa ndikuuzeni za mayi wina amene anazula munda wake ndi manja ake omwe, koma osathera pomwepo.

M'mawa umene nkhaniyi ikuyambira, ng'ombe ya mayiwa sinagundidwe ndi galimoto, sinagwerenso m'dzenje. Inangofuna kudzuka m'khola monga zimachitira ng'ombe zonse, kuyamba ndi miyendo yakumbuyo. Mwendo unangoti thyo! ngati phesi louma. Mayi Matimati anali pomwepo, atagwira mtengo wotsekera khola, ndipo anamva ndi makutu awo.

Anatuma uthenga kwa achimwene awo, omwe anali wabutchala kumsika. Achimwenewo anafika dzuwa lisanakwere, mipeni ataikulunga m'thumba, n'kugwira ntchito yawo kuseri kwa khola. Atamaliza anaitana mlongo wawo, m'manja muli nthiti imodzi.

"Taona ichi, mlongo wanga."

Anaipinda ndi zala. Nthitiyo inagonja ngati bango, kenako n'kuthyoka.

"Ine ndapha ng'ombe zaka makumi awiri. Nthiti ya ng'ombe imafuna nkhwangwa. Izi uli nazozi si ng'ombe ayi, ndi zikopa zoyenda."

Mayi Matimati anangoyang'ana m'khola. Mwa ng'ombe zisanu ndi zinayi zimene bambo awo anasiya, munatsala ziwiri: Chipumi, yaikazi yokhala ndi banga loyera pamphumi, ndi Kamdima, ya zaka zinayi koma thupi ngati ya chaka chimodzi.

Dzina loti Matimati analitenga kudimba. Kwa zaka khumi ndi ziwiri mayiwa ankalima matimati amene ogula ankachita kuwalondola mpaka kumunda. Kenako kunabwera matenda a m'mizu. Mbewu inkafota masana nthaka ili yonyowa, ndipo ukazula unkapeza mizu yatupa mfundomfundo ngati zala za munthu wa nyamakazi. M'zaka ziwiri dimba linatha. Bambo a kunyumba anapita kutali kukafuna ntchito, ndipo ntchitoyo mwina akuifunabe mpaka lero. Chinatsala ndi dzina lokha.

Anabwerera kwawo kukadwazika bambo awo. Bambowo atamwalira, ng'ombe zinakhala za ana awiriwo, ndipo achimwene anati, "Sunga ndiwe, ine ndi ng'ombe yamoyo sitigwirizana."

Koma ng'ombezo zinali ndi khalidwe lochititsa manyazi. Zinkanyambita chulu mpaka kuchiboola. Zinkatafuna mitengo ya khola. Tsiku lina Chipumi inameza theka la nsalu ya mkazi wa mmisiri wa matabwa, neba wawo, imene anaiyanika pampanda. Choposa zonse, zikapeza fupa kutchire zinkasiya udzu n'kumalikukuta ngati agalu, dovu lili chuchuchu. Kwa zaka zitatu m'kholamo simunabadwe mwana wa ng'ombe.

Kumjigo amayi ankati akawaona, mmodzi n'kuyamba: "Bisani ana, eni ake a afisi afika." Ena n'kuseka, ena n'kumanong'ona kuti ng'ombe yodya mafupa ili ndi mwini wake wina.

Ndiye m'mawa uja achimwene anapukuta mpeni pa udzu n'kulankhula mofatsa, pakuti sanali munthu woipa.

"Mlongo, tisadikire kuti zife zokha. Ndibwera ndi chingwe Loweruka, ndizitenge zonse ziwiri ndikaphe. Khola tiphwasule, upume."

"Achimwene, ndipatseniko nthawi."

"Nthawi yoti chiyani? Zaka zitatu si nthawi?"

"Mvula ziwiri zokha. Ikubwerayi ndi inayo."

Achimwene anayang'ana Chipumi, imene nthawi imeneyo inali kunyambita dothi la pamtengo wa khola.

"Chabwino. Tikamadzakolola chimanga cha mvula yachiwiriyo ndidzabwera. Ndikadzapeza bere, khola ndi lako mpaka kale. Ndikadzapeza mimba ya udzu, usadzandilirire."

Kunena zoona, mayiwa sankadziwa chimene akachite ndi mvula ziwirizo. Anangopempha monga amapemphera munthu womira, wogwira ngakhale thovu.

Patapita masiku awiri, pabwalo panaima njinga yamoto yolira ngati chigayo. Anatsika mlangizi wa ziweto, mtsikana wamfupi wovala majombo aakulu kuposa miyendo yake. Ndiye ankayeza nyama kumsika, ndipo anali ataona mafupa aja.

"Ndinu eni ake a nthiti zija, mayi?"

"Ndine. Mwabwera kudzandimanga?"

"Ayi, ndabwera kudzaona odwala anatsala."

Anazungulira Chipumi, n'kuitsina chikopa, n'kuiyang'ana m'kamwa. Anapempha kuti amuonetse kodyetsera. Anayenda m'tchiremo, anazula udzu, anaupotokola, n'kuuponya pansi.

"Mayi, ng'ombe yanu si mfiti. Ili ndi njala ya m'mafupa."

"Njala bwanji, alangizi, poti imadya tsiku lonse?"

"Inu mutamadya mapepala tsiku lonse mungakhute, koma mungayende? Thupi la ng'ombe limafuna michere yomangira mafupa, magazi ndi mkaka. Nthaka iyi yatopa, chaka ndi chaka moto, ndiye udzu wake ndi wongodzaza mimba. Ng'ombe ikasowa micherezo imayamba kubwereka m'mafupa ake omwe. Ikaona fupa pansi imadziwa kuti chimene ikusowa chili mmenemo. Ndipo ng'ombe yoteroyo sitenga bere. Thupi limakana kumanga nyumba ina pamene yakeyo ikugwa."

Mayi Matimati anayang'ana Chipumi ngati akuiona koyamba. Zaka zitatu akuikalipira, kuiponya miyala kuti ilavule mafupa, osadziwa kuti ng'ombeyo inkanena matenda ake m'njira yokhayo imene ikanatha.

Mlangizi anawauza zoyamba kuchita: atole mafupa onse kodyetserako, chifukwa fupa la nyama yowola limatha kupha ng'ombe, ndipo apachike m'khola mwala wa mchere wonyambita. Kenako anatulutsa m'chikwama kathumba ka mbewu.

"Iyi ndi nkhungudzu, m'bale wake wa nyemba. Masamba a mbewu za mtundu wa nyemba ali ndi zomanga thupi ndi michere ina yambiri kuposa udzu, ndipo mizu yake imatsika pansi kumene udzu sufika. Koma siyolenga ayi. Chimene m'nthaka mulibe singachipereke. Muidyetse kaye manyowa ndi phulusa, ndi kafeteleza aka kokulitsa mizu, iyo idzadyetse ng'ombe. Ndakupatsani yonse imene ndinali nayo."

Mayiwa anagwira ntchito ngati munthu wolipira mlandu. Anakumba manyowa akale a m'khola, akuda ngati makala, n'kumawasenza pamutu m'beseni kupita nawo kumunda wa kuseri kwa nyumba. Mvula yoyamba itagwa anadzala mizere makumi atatu. Nkhungudzu inamera yonse. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi inali itayanga, masamba atatuatatu obiriwira bii, moti odutsa ankaima kaye.

Tsiku lina m'mawa akupalira, khasu linakola tsinde limodzi n'kulizula. Anawerama kuti alibwezere. Atayang'ana mizu, khasu linagwa m'manja.

Mizuyo inali ndi timibulu. Tambirimbiri, tina ngati mapira, tina ngati nandolo.

Anazula lina. Timibulu. Anathamangira kumapeto kwa munda n'kuzula lina. Timibulu.

"Mwanditsatira kunonso?" anatero. "Dimba munadya silinakukwaneni?"

Mlimi wa matimati aliyense amadziwa lamulo lake: ukaona mfundo m'mizu, zula msanga, unjika, tentha, matenda asakhazikike m'nthaka. Mayiwa anali ataphunzira lamulolo ndi misozi, ndipo nthawi ija anachedwa kulitsata. Ulendo uno sanafune kuchedwa. Sanafunse munthu. Anamanga nsalu m'chiuno n'kuyamba kuzula, mzere ndi mzere, misozi ikugwera pamanja. Dzuwa likamafika pamutu, mizere makumi awiri ndi isanu ndi iwiri inali pamulu, ndipo anali atapita kukapala moto.

Pobwera ndi chikuni anamva njinga yamoto ija ikulira ngati chigayo pamsewu.

Mlangizi anaima m'mphepete mwa munda, chipewa chili m'manja. Anayang'ana mulu, anayang'ana mizere itatu yotsala, anayang'ana chikuni.

"Mbewu yanu inali yodwala, alangizi," anatero mayiwa. "Musadandaule, ndaipeza msanga."

"Mayi, taikani kaye motowo pansi. Mundibweretsere madzi m'beseni ndi lezala."

Anakhala pansi onse awiri pafupi ndi muluwo. Mlangizi anatsuka muzu umodzi mpaka unayera.

"Mfundo za matimati anu zija, mukazikanda ndi chala zinkachoka?"

"Ayi. Unali muzu womwewo wotupa."

"Takandani aka."

Mayiwa anakanda. Kambulu kanathothoka n'kugwera m'dzanja lawo, muzu n'kutsala wosalala.

"Tsopano kadulani pakati."

Anakaika pachikhadabo n'kukadula. M'kati munali mofiirira, ngati nyama ya mwana wa nkhunda. Anadula kena. Mofiirira. Anakweza dzanja kuti aone bwino padzuwa.

"Magazi?" ananong'ona.

"Abale ake a magazi. Mmenemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, koma osati adani aja. Iti ndi alendo olipira lendi. Mbewu imatipatsa nyumba ndi chakudya, ito timakoka chonde mumpweya uno tikupumawu n'kupatsa mbewu. Kufiirako ndiye kuti tili pantchito. N'chifukwa chake masamba ake amalemera chonchi, ndipo nthaka imene yagonapo nkhungudzu imatsala yonona."

"Mumpweya?"

"Mumpweya, mayi."

Mayi Matimati anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe kanthu koma kamtambo kamodzi. Anayang'ananso kanthu kofiira kali pachikhadabo chawo. Zaka zonsezi akuyenda pansi pa nkhokwe yosaoneka, ndipo kiyi wake anali kambulu kochepa kuposa diso la nkhuku. Kenako maso awo anagwera pamulu uja, umene unali utayamba kufota.

"Mayo ine! Ndapha antchito anga."

Analira mokweza, osasamala odutsa. Mlangizi sanawaletse. Atatonthola anawagwira dzanja.

"Mlanduwu ndi wa tonse. Ine ndinakuonetsani mbewu, osakuonetsani mizu, chonsecho za matimati anu ndimazidziwa. Koma mbewu ina ndilibe."

Uthenga unafika kumsika tsiku lomwelo. Madzulo achimwene anatulukira panjinga.

"Ndamva kuti wakolola kale, mlongo. Anzako akadali kupalira, iwe changu!"

"Sekani, achimwene. Safunsa anadya phula, ndadya ndine."

"Ndibwere nacho chingwe?"

"Munati mvula ziwiri. Iyi ndi yoyamba, ndipo sinathe."

M'mawa mwake anayambanso. Mizere itatu ija anaitchingira ndi minga, nati imeneyo ndi ya mbewu, ng'ombe siilawa. Pamulu paja anasankha mapesi amene anali asanafote kwambiri n'kuwabzalanso. Ambiri anauma, khumi ndi awiri anagwira. Otsalawo anawayanika kuti ng'ombe zidye. M'malo mozulidwamo anadzala khobwe ndi nandolo zimene anasungira ndiwo. Anayenda mtunda wautali m'mbali mwa msewu kuthyola makoko ouma a lukina, mtengo wa masamba ang'onoang'ono umene mbuzi zimaukonda, n'kufesa njere zake m'malire mwa munda.

Panali chinthu chimodzi chimene sankatha kudziletsa. Sabata iliyonse ankakumba pambali pa tsinde limodzi ndi kamtengo, kuthothola kambulu kamodzi, kukadula, n'kuona kufiira kuja. Akatero ankakwirira bwinobwino n'kunena, "Pepani, pitirizani ntchito."

Mvula itatha anamweta khobwe ndi nkhungudzu yobzalanso ija zisanakhwime, n'kusiya mizere ya mbewu. Mlangizi anali atawauza kuti chuma chili m'masamba, ndipo dzuwa likawaotcha amayoyoka n'kutsala mitengo yokha. Ndiye anayanika pamthunzi, akutembenuza ndi manja ngati akusamalira khanda. Posowa posunga, anatsegula chipinda cha malemu bambo awo, n'kuyala mitengo pabedi, n'kusanjapo mitolo mpaka kudenga.

Mkazi wa mmisiri anasuzumira pawindo n'kuthamangira kumjigo. "Abale, kwa Matimati udzu ukugona pabedi, mwini wake pamphasa!"

Chilimwe chinafika ndi ukali wake. Tchire linapsa, ng'ombe za anthu zinayamba kuwerengeka nthiti. Mayi Matimati ankadyetsa zawo kutchire m'mawa, madzulo n'kuzipatsa mfutso uja, manja awiri pa ng'ombe iliyonse, wosakaniza ndi mapesi odula. Unali wochepa, chifukwa cha mizere ija anazula, ndiye ankauyeza ngati mankhwala. Nandolo akaphuka ankasadzako nsonga. Mwala wa mchere ukatha ankagulitsa nkhuku n'kukagula wina.

Mwezi woyamba sanaone kanthu. Wachiwiri, ubweya wa Chipumi umene unkaima ngati wa mphaka wonyowa unayamba kugona. Wachitatu, Kamdima inathamanga. Inangoyamba yokha, mchira m'mwamba, kuzungulira khola kawiri, n'kuima modabwa ngati yachita mwangozi.

Tsiku lina akuchokera kumadzi, m'njira munali fupa la mbuzi limene agalu anasiya. Mayiwa analiona mochedwa, Chipumi itafika kale. Anatola mwala mwa chizolowezi. Chipumi inaweramitsa mutu, inanunkhiza fupalo, inapumira mphuno fuu, n'kulilumpha kumapita.

Mwala unagwa wokha m'manja. Anaima m'njiramo nthawi yaitali. Palibe anaona, palibe anaombera m'manja. Koma iwo ankadziwa kuti aona chinthu chachikulu: mpweya, manyowa akale ndi timibulu tofiira zinali zitayenda ulendo wonse mpaka kulowa m'mafupa a ng'ombe.

Mvula yachiwiri itayandikira, Chipumi inadzuka tsiku lina ndi phokoso. Inkalira osalekeza, osafuna kudya, n'kumakwera Kamdima. Mayiwa anali ataiwala kuti zimenezi zimaoneka bwanji. Atazindikira anathamanga opanda nsapato kwa mmisiri wa matabwa, yemwe anali ndi nkhunzi.

"Bambo, ndibwerekeni nkhunzi, lero lomwe!"

Mmisiri anaika pansi chopalira matabwa. "Kwa afisi kuja? Ikabwerako ili ndi miyendo itatu?"

"Ikabwera yonse, ndalumbira."

Mkazi wake anayankhira m'nyumba. "Abwereke, koma auze nkhunziyo, poti ikukakhala mkamwini, kuti theka la nsalu yanga likadali komweko!"

Nkhunzi inakhala m'kholamo masiku awiri.

Chaka chimenecho mizere itatu ija inali itabala mbewu yodzaza ndowa. Mayiwa anadzala munda wonse, n'kufesanso ina m'mizere pakati pa udzu wa kodyetsera, kuti ng'ombe zizidya zosakaniza. Ankasamala kuti zisalowe mu nkhungudzu yonyowa ndi mame zili ndi njala, poti mlangizi anati zikatero mimba imafufuma. Lukina anafika m'chiuno. Chipumi inanenepa mpaka msana kuchita ngalande.

Koma mtima wa mayiwa sunakhale pansi. Chipumi sinafunenso nkhunzi, inde, koma kodi zaka zitatu zija inkafuna? Kukhala chete kwake kukanatha kukhala bere, kukanathanso kukhala matenda akale. Mimba inakula, koma ng'ombe yodya bwino imakulanso mimba. Woti akanaiyeza, mlangizi uja, anali atatumizidwa kudera lakutali kumene kunabuka matenda a nkhumba, ndipo foni yake inkangolira osayankhidwa.

Chimanga chinauma. Anthu anayamba kusanja mikukwe. Loweruka lina m'mawa achimwene anafika, chingwe chatsopano chili paphewa.

Anaima pakhomo pa khola n'kuimba mluzu.

"Iyi ndi Chipumi yomwe ija? Mlongo, wandinenepetsera bwino! Mafuta okhaokha awa. Anthu akalimbirana kumsika."

Apa m'pamene mayiwa anazindikira kuti ntchito yawo yonse ikanatha kungokometsa nyama. Anagwira mtengo wa khola.

"Munati bere, achimwene."

"Ndinati bere, ndipo sindisintha. Alangizi ako ali kuti atiuze?"

"Kulibe."

"Ndiye ndiyeza ndekha. Ine m'kati mwa ng'ombe ndimadziwamo kuposa m'nyumba mwanga. Ukandikhulupirira?"

Mayiwa anawayang'ana. Munthu wofuna nyama ndi yemweyo woweruza mlandu. Koma anali achimwene awo, obadwa bere limodzi.

"Yezani."

Achimwene anapachika chingwe pamtengo, anapinda malaya, n'kupita kudzanja lamanja la ng'ombe. Anaisisita kaye. Kenako anakunga chibakera, anachiika m'munsi mwa mimba kutsogolo kwa mwendo, anakankha msanga katatu n'kusiya chibakeracho chili chokanikiza pomwepo.

Anadikira.

"Udzu," anatero.

Anasuntha pang'ono, anakankhanso, n'kudikira. Chipumi inkangobzikula, maso ali gwaa kutali. Mayiwa anatseka maso.

Atawatsegula anaona nkhope ya achimwene yasintha. Pakamwa panali potseguka. Chibakera chinali pomwe paja, koma mkono wonse unali utauma ngati wagwira waya wa magetsi.

"Chandigunda," ananong'ona.

"Achimwene?"

"Khala chete. Chabweranso. Iii! Chikukankha!"

Anatambasula dzanja n'kuligoneka pamimbapo, kenako anagwada n'kutsamiritsa tsaya pachikopa. Bambo wamkulu, wa zaka makumi awiri za mpeni, amene ana a ng'ombe ankangowaona atazizira kale pa simenti, anakhala chogwada m'ndowe, akumvetsera.

"Bwera, mlongo. Bweretsa dzanja. Apa. Usakankhe kwambiri."

Mayiwa anaika dzanja pamene panali la achimwene. Poyamba anangomva kutentha ndi kupuma kwa ng'ombe. Kenako, kuchokera m'kati mwa mdima umene munthu sanaonemo, kanthu kolimba kanabwera n'kugogoda pachikhatho chawo, kamodzi, n'kubwerera.

Kamdima inabwera kudzanunkhiza chipewa cha achimwene, iwo osaiingitsa.

Achimwene ataimirira anapukuta m'maso ndi mkono, nati ndi fumbi la m'khola. Anayendera mitengo ya kholalo mmodzimmodzi, akuigwedeza.

"Khola ili ndi lofooka. Mwana angabadwire muno? Mitengo yonse anadya afisi akowa. Ndibwera Lachiwiri ndi mitengo yatsopano, timange mbali ina ya mwana, ya denga." Anakanda m'mutu. "Komanso, kambewu kako kaja. Kuseri kwa butchala kuli malo angokhala."

"Ndikupatsani, achimwene. Koma mukadzaona timibulu m'mizu, musadzazule."

"Ndine wopusa ngati iwe?"

Anaseka onse awiri mpaka mkazi wa mmisiri anatuluka kudzaona chimene chagwa.

Mwana anabadwa chilimwe chili pakati, wamkazi, ndipo anaimirira ola lisanathe. Chaka chotsatira Kamdima nayo inabereka. Lero m'kholamo muli ng'ombe zisanu ndi ziwiri, ndipo alimi amachokera kutali kudzapempha mbewu. Aliyense wobwera, asanalandire kanthu, amayamba wakhala pansi m'mphepete mwa munda, kutsuka muzu m'beseni ndi kudula kambulu ndi dzanja lake. Mayiwa amati mbewu sapatsa munthu amene sanaone kufiirako.

Inu amene mukuwerenga, mwina simunagonje chifukwa cha ulesi. Mwina munagwa chifukwa cha phunziro limene moyo unakuphunzitsani ndi chikwapu, ndipo munalitsata mokhulupirika pamalo pamene silinkayenera. Zimachitika, ngakhale kwa anthu akhama. Lirani ngati kulira kwabwera, koma mukatha mudzuke mukawerenge zimene zatsala. Funsani amene akudziwa. Yambiraninso pomwe mwaima, ngakhale anthu akuseka, pakuti zinthu zambiri zimene zidzakudzutseni zikugwira kale ntchito kumene maso anu safika. Mtima wanuwo musautaye, m'bale wanga. Ugwireni ndi manja awiri, mawa mulawire kumunda.